Cubs ndi White Sox: chipewa chokha n'kukupalamulitsani ku Chicago

Imelo ya sabata ino yachokera kwa achimwene ena amene anasamukira ku Chicago chaka chatha. Ndaidula pang'ono:

"Ndimagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu kummwera kwa mzinda. Alamu anga anandipatsa chipewa cha buluu chokhala ndi C wofiira. Tsiku limene ndinapita nacho ku ntchito anzanga anandizoma mpaka poweruka, wina n'kundiuza kuti mawa ndikachiiwale m'sitima. Ati ndi cha Cubs, ndipo kuno ndi kwa White Sox. Ine baseball sindiitsata. Kodi matimu onsewa si a mzinda umodzi? Udaniwu unayamba bwanji, ndipo munthu angavulale nawo? Nanga ndikamangonena kuti ndimasapota onse?"

Achimwene, ndiyambe ndi lomalizalo poti ndi losavuta: musayerekeze. Mukudziwa momwe anthu a ku Ndirande amamuyang'anira munthu wonena kuti Maule ndi Manoma onse ndi ake. Amangodziwiratu kuti ameneyu za mpira alibe nazo ntchito, akungofuna kukondweretsa aliyense. Ku Chicago n'chimodzimodzi. Koma kufananako kwathera pomwepa, chifukwa Bullets ndi Wanderers amalimbirana chikho chimodzi mu ligi imodzi, pomwe awa a ku Chicago anakhala zaka pafupifupi zana osakumana pa masewero a ligi.

Baseball ndi masewero omenya kampira ndi ndodo, ndipo yaikulu ya ku America ili ndi maligi awiri. National League inayamba mu 1876, ndipo timu imene lero tikuitcha Cubs inali m'gulu la oyambitsa. American League inabwera mu 1901, White Sox ili momwemo. Mpaka 1997, timu ya ligi ina inkakumana ndi ya ligi inzake mu World Series mokha, mpikisano wotsiriza wa akatswiri awiri. Kupatula apo anali masewero apaubale basi. Ngakhale lero, pa masewero 162 amene timu iliyonse imasewera pa chaka, Cubs ndi White Sox amakumana ka 4 kapena ka 6. Adani enieni a Cubs pa bwalo ndi St. Louis Cardinals ndi Milwaukee Brewers, pomwe a Sox amalimbana ndi Minnesota, Cleveland ndi Detroit. Choncho zimene munakumana nazo ku ntchitozo gwero lake si pa bwalo. Nkhani yagona pa mzindawo, ndi pa funso lakuti mumzindamo amawerengeredwa ndani.

Pa bwalo anakumanapo kamodzi kokha pa nkhani yaikulu, mu 1906, ndipo a Sox sanaiwale mpaka lero. Chaka chimenecho Cubs inawina masewero 116, kuluza 36 okha. White Sox inali timu yosatha kumenya mpira, yotsika kuposa onse mu ligi yawo pa kamenyedwe, moti aliyense ankati World Series imeneyo ndi mwambo chabe. Sox inawina masewero 4, Cubs 2. Sizinachitikenso kuti matimu awiriwa akumane mu World Series. Komanso dzina lenilenilo ndi lotola: Cubs poyamba inkatchedwa White Stockings, inalisiya, ndiye Charles Comiskey atabweretsa timu yake kuchokera ku St. Paul mu 1900 anangolinyamula, kenako linafupikitsidwa kukhala White Sox.

Kuti muimvetse bwino nkhaniyi, tsiku lina musali pa ntchito kwerani sitima ya Red Line. Mabwalo onse awiri ali pa njanji yomweyo, ulendo wa pafupifupi theka la ola. Mukatsikira pa siteshoni ya Addison, kumpoto, bwalo la Wrigley Field mulipeza lili pakati pa nyumba za anthu. Linamangidwa mu 1914. Makoma ake a njerwa anakutidwa ndi zomera zoyanga, ndipo mpira nthawi zina umakasowera m'masamba momwemo osewera n'kumangokweza manja. Bolodi la zigoli amalisintha ndi manja anthu okhala mkati mwake. Pa madenga a nyumba za m'misewu ya Waveland ndi Sheffield anaikapo mipando, anthu amalipira kuti aonere masewero ali kunja kwa mpanda. Cubs ikawina amakweza mbendera yoyera yolembedwa W, kuti wodutsa pa sitima adziwe zotsatira. Mozungulira monse ndi mabala ndi malo odyera, ndipo lendi ya kumeneko si ya munthu wongofika kumene.

Kenako bwererani, mudutse pakati pa tawuni, mukatsikire pa Sox-35th. Kumeneko mupeza msewu waukulu wa Dan Ryan ukulira magalimoto, ndi bwalo lamakono la mu 1991 lozunguliridwa ndi malo oimika magalimoto. Masapota amafika msanga, kutsegula buti, kuyatsa makala n'kumaotcha nyama ndi masoseji masewero asanayambe. Wa Sox akamenya mpira n'kuutulutsa kunja kwa mpanda, bolodi limaphulitsa makombola. Dzina la bwaloli lasinthasintha malinga ndi kampani yolipira, lero ndi Rate Field, koma akuluakulu amangoti Comiskey kapena Sox Park, dzina la bwalo lakale la mu 1910 limene linagwetsedwa. Chodabwitsa n'chakuti zomera za ku Wrigley ndi makombola a ku Comiskey zonse zili ndi dzanja la munthu mmodzi, Bill Veeck: anathandiza kubzala zomerazo mu 1937 akugwira ntchito ku Cubs, ndipo mu 1960, ali mwini wa Sox, anabweretsa bolodi lophulikalo.

Kummwera, kumene inu mukugwira ntchito, ndi kumene kunali thukuta la Chicago. Kunali makola ndi malo ophera ng'ombe ndi nkhumba a Union Stock Yards, amene anatsekedwa mu 1971, kunalinso mafakitale a zitsulo. Kunadzaza anthu ochokera ku Ireland, Poland ndi Lithuania, kenako anthu akuda othawa tsankho la kummwera kwa America, kenako a ku Mexico. Masewero aakulu a pa chaka a maligi a anthu akuda, pa nthawi imene sankaloledwa kusewera ndi azungu, ankachitikira ku Comiskey kuyambira 1933. N'chifukwa chake wa Sox amadziona ngati munthu wa ntchito, wodziwa masewero, ndipo wa Cubs amamuona ngati mwana wa kwa bwana wobwera kudzamwa mowa padzuwa n'kujambulitsa. Wa Cubs naye amati a Sox ndi anthu a mkwiyo, pakamwa mbambande koma bwalo lawo mipando ili mbee.

Musazitenge ngati lamulo ayi. Michelle Obama anakulira kummwera koma kwawo ankasapota Cubs, pomwe amuna awo, Barack Obama, ndi wa Sox weniweni, mpaka anavala jekete la Sox pokaponya mpira woyamba pa masewero a akatswiri mu 2009. Anthu ambiri timu amatengera bambo kapena agogo awo, osati adiresi.

Chimene chinakulitsa kusiyanaku, mwa kuona kwanga, ndi kanema. Wailesi ya kanema ya WGN inkaonetsa masewero a Cubs kwaulere, ndipo kuyambira 1978 inayamba kumveka dziko lonse la America kudzera pa kebo. Mu 1981 kampani ya Tribune, mwini wa WGN komanso nyuzipepala ya Chicago Tribune, inagula Cubs. Taganizani: timu, kanema ndi nyuzipepala yaikulu ya mzinda, zonse thumba limodzi. Pamwamba pa izo, ku Wrigley kunalibe magetsi mpaka 1988, choncho masewero onse a pa bwalolo anali a masana. Mwana wa ku Iowa akaweruka kusukulu n'kuyatsa kanema ankapeza Cubs, ndipo anakula ali wa Cubs asanapondeko ku Chicago. Pa nthawi yomweyo eni ake atsopano a Sox, motsogozedwa ndi Jerry Reinsdorf, anasamutsira masewero ambiri ku kanema wolipira mu 1982, mabanja ambiri n'kulephera kuonera. Muulutsi wawo wotchuka, Harry Caray, amene anakhala nawo kuyambira 1971, anawoloka chaka chomwecho kupita ku Cubs ndipo anamwalira mu 1998 ali chuma cha kumpoto. Mu 1988 timu yonse inatsala pang'ono kusamukira ku Florida, inapulumuka pa mphindi yomaliza aphungu a boma la Illinois atavomereza ndalama za bwalo latsopano.

Masewero a masanawo anapatsanso a Sox chida. Mu Epulo 1983 mphunzitsi wa Cubs, Lee Elia, atapsa mtima ndi masapota ake omwe amene ankazoma osewera, anauza atolankhani, mawu otukwana ali mbwee, kuti anthu 85 pa 100 alionse ali ku ntchito, ndipo 15 otsalawo ndi amene amabwera ku Wrigley. Tepi yake idakalipo, ndipo mukawafunsa anzanu a ku ntchitowo mwina wina aibwereza pamtima.

Ndiye pali nkhani ya kuluza, imene kwa ine ndiye phata. Matimu onsewa anakhala zaka zosaneneka opanda chikho. Cubs inawina mu 1907 ndi 1908, kenako zii mpaka 2016, zaka 108. Sox inawina mu 1917, kenako zii mpaka 2005, zaka 88. Koma kuluza kwa Cubs kunali ndi nthano yokoma. Mu 1945 mwini bala wina wochokera ku Greece, Billy Sianis, anabwera ndi mbuzi yake ku World Series, anamutulutsa chifukwa cha fungo, ndipo akuti anatemberera timu. Kuyambira pamenepo Cubs sinafikenso mu World Series kwa zaka 71, ndipo azungu amene amatiseka ife pa za zikhulupiriro anakhala akukokera mbuzi ku bwalo kuti achotse tsoka. Dziko lonse linkawamvera chisoni, kuwakonda chifukwa choluza komweko, bwalo n'kumadzaza. A Sox nthano yawo ndi ya manyazi: mu 1919 osewera awo ena anagwirizana ndi otchova juga kuti aluze dala World Series kwa Cincinnati Reds, ndipo osewera 8, kuphatikizapo Joe Jackson, anawaletsa kusewera moyo wawo wonse. Palibe amene amakugwira paphewa chifukwa cha mbiri yotere.

Mu 2005 Sox, motsogozedwa ndi Ozzie Guillén wa ku Venezuela, inachita zoopsa: m'mipikisano yotsiriza inawina masewero 11 n'kuluza amodzi okha, ndipo Houston Astros inaikwapula 4 kwa duu. Kummwera anavina, koma America inaombera m'manja pang'ono n'kupitiriza zake. Cubs itawina mu 2016, pogonjetsa Cleveland 8 kwa 7 pa masewero achisanu ndi chiwiri amene mvula inawaimitsa pakati, dziko lonse linalira misozi. Chaka chomwecho kanema wa zamasewero wa ESPN anaonetsa mndandanda wa zikho zimene mzinda wa Chicago wawina, cha Sox cha 2005 osachiikapo. Anachiiwala. Ndiye mukamadabwa kuti chipewa chokha chawautsa bwanji anzanu, dziwani kuti udaniwu si wofanana mbali zonse. Wa Cubs ambiri za Sox saziganiza n'komwe, ndipo kusaganizako ndi kumene kumamuwawa wa Sox koposa chipongwe chilichonse.

Zinaonekeranso mu Meyi 2025, Robert Prevost wa ku Chicago atasankhidwa kukhala Papa Leo XIV. Tsiku lomwelo a Cubs analemba pa chikwangwani chawo chofiira cha pakhomo pa Wrigley kuti Papa ndi wawo. Achimwene ake a Papa anatsutsa pa kanema, kuti ayi, uyu ndi wa Sox chibadwire. Pasanapite nthawi anthu anafukula kanema wa masewero oyamba a World Series ya 2005, Prevost ali m'gulu la masapota, nkhope ili ndi nkhawa. 

Za kuvulala musade nkhawa. Matimuwa akakumana masapota amakhala osakanikirana, mwamuna wa jezi yakuda mkazi wake ya buluu, palibe mbali ya awa ndi ya awo. Timikangano ta oledzera sitilephera, monga paliponse pamene pali mowa. Chibakera chimene aliyense amachikumbukira chinali cha osewera: pa 20 Meyi 2006, A.J. Pierzynski wa Sox anagunda Michael Barrett wa Cubs pogoletsa, n'kumenya pansi ndi dzanja mokondwera, Barrett anadzuka n'kumuthira chibakera cha pansagwada. Barrett anamuimitsa masewero 10. Ngati anzanu akukuzomani, ndiye kuti akuonani kuti ndinu woti n'kucheza naye.

Musankhe iti? Ine ndingakuuzeni Sox, ndipo sindikubisa kuti mtima wanga umapendekera kwa amene amaiwalidwa. Koma palinso zifukwa za m'thumba. Matikiti ake kawirikawiri ndi otsika mtengo kuposa a ku Wrigley, amapezeka tsiku lomwelo, ndipo anthu amene mumadya nawo nkhomaliro ali kumeneko, ndiwo adzakuphunzitseni malamulo a masewerowa, amene kuwerenga kokha simungawamve. Ngati alamu anu ali mbali ya South Bend ku Indiana, kumene kuli Amalawi ambiri, chipewacho chili ndi chifukwa chake: timu yaing'ono ya m'tawuniyo ndi nazale ya Cubs kuyambira 2015. Pokawaona muzivala, ku ntchito muzisiya.

Mungokonzekera kuti mukalowa Sox mulowa nthawi yowawa. Mu 2024 inaluza masewero 121 mwa 162, kuposa timu ina iliyonse kuyambira 1901, ndipo wa Cubs aliyense adzakukumbutsani nambala imeneyo. Inu muzimufunsa kuti mu 1906 zinatha bwanji.