Funsani Azakhali: Banja likalowa nkhanza, ana azikhala ndi ndani?

Sabata ino makalata atatu andifika ndipo onse akuzungulira pa chinthu chimodzi, ana omwe akukulira m'nyumba momwe mukumenyedwa munthu. Ndawayika pamodzi. Mayina ndachotsa monga mwa masiku onse.

Azakhali,
Ndine mayi wa ana atatu, nkhani ndikulembayi si yanga koma ya mng'ono wanga. Iyeyu anakwatiwa zaka 10 zapitazo ndipo anamutenga chitengwa akukhala kwawo kwa mwamuna, ali ndi ana awiri wamkulu mtsikana wa zaka 9 wamng'ono mnyamata wa zaka 4. Alamu angawa akangolawa mowa basi nkhondo, mwezi watha anamumenya ndi mpini wa khasu mpaka dzanja kutupa osagwira ntchito sabata ziwiri, ndipo amene anathamanga usiku kukadzutsa anthu oyandikana nawo ndi mwana wamkuluyo. Panopa mwanayu wayambanso kukodza pogona chikhalirecho anasiya kalekale, kusukulu sakufunako akuti akachoka amayi aphedwa. Ankhoswe akhalapo pansi kanayi, mawu ake ndi omwewo akuti banja ndi kupirira. Mng'ono wanga akufuna kuchoka koma apongozi ake amuuza kuti ukachoka uchoke wekha ana ndi apakhomo pano. Wina anamuwopsezanso kuti akapita kupolisi a social welfare amulanda ana kukawasiya kumalo osungirako ana amasiye poti iye sali pantchito. Kodi zoona zake ndi ziti? Amene amagamula za ana ndi ndani, ankhoswe, amfumu kapena boma?
Mayi wodandaula, Blantyre

Achemwali,
Ndiyambe ndi kamtsikana ka zaka 9 ako, chifukwa mukalata yanu yonse ndi amene wandigwira mtima kwambiri. Anthu ambiri amati ana sakumenyedwa nawo ndiye alibe vuto, ayi ndithu, mwana amene akugona khutu lili tcheru kudikira kuti bambo alowa bwanji lero, amene wasenza udindo wolondera amayi ake mpaka kuopa kupita kusukulu, ameneyo nkhanzazo zamufika kale ngakhale chikwapu sichinamukhudze. Kukodza pogona kwabwererako ndi thupi lake likuyankhula zomwe pakamwa sanganene. Musamukalipire, musamuseke, ndipo muwauze ena pakhomopo asamamutchule mayina.

Tsopano funso lanu. Ankhoswe ndi anthu ofunika ndipo ine sindiwanyoza, mabanja ambiri alipo lero chifukwa cha iwo, koma ntchito yawo ndi yomanga banja, ndiye maso awo amakhala pa ukwatiwo kuti usathe. Apa funso lasintha, funso ndi loti ana awiriwa ali otetezeka kuti. Limeneli likafika povuta mwini wake ndi khothi. Amfumu, ankhoswe, amalume atha kuyankhulapo ndipo khothi litha kuwamva, koma sangaletse mayi kupita kukhothi ndipo mawu a apongozi oti ana ndi apakhomo pano si chigamulo.

Malamulo ake alipo ndipo si achilendo. Gawo 23 la malamulo oyendetsera dziko lino limanena kuti pa chiganizo chilichonse chokhudza mwana, choyamba kuyang'ana ndi ubwino wa mwanayo, ndipo kuyambira 2017 mwana ndi aliyense amene sanakwane zaka 18. Kenako pali lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010, lomwe linakhazikitsa makhothi a ana. Khothi limeneli likamaweruza zoti mwana azikhala ndi ndani limayang'ana ubwino wa mwanayo, limaganizira kufunika koti mwana wamng'ono akhale ndi amayi ake, limamva maganizo a mwana mwini wake, komanso limayesetsa kuti ana a mimba imodzi asalekanitsidwe. Mukuona apa, palibe pomwe akuti amene ali ndi ndalama zambiri ndiye atenge ana, palibenso pomwe akuti poti ndi chitengwa kapena kunaperekedwa malowolo ndiye nkhani yatha. Kwa ife a chikamwini nafenso tisadzinamize kuti poti mbumba ndi ya amalume ndiye basi, muyeso ndi umodzi kwa tonse, mwanayu akhala bwino kuti.

Za kusagwira ntchitozo, umphawi pawokha si mlandu. Bambo amakhalabe ndi udindo wosamala ana ake kaya banja lilipo kaya latha, ndipo mng'ono wanu atha kupempha khothi lomwelo kuti lilamule bamboyo azipereka chithandizo cha ana, chakudya, zovala, zakusukulu, zakuchipatala. Sindikunamizani kuti ndalamazo zimabwera mosavuta, abambo ena amazemba mpaka kuwakokeranso kukhothi, ndiye ngati pali kageni koti mumuyambitsire kapena munda woti azilima kwanu yambani kuganizira pano, komanso zimathandiza a social welfare akabwera apeze kuti pali denga, pali sukulu yapafupi, pali achibale omuzungulira.

Nkhani yoti amulanda anayo ndi imene imatsekera amayi ambiri m'nyumba zamoto, ndipo nthawi zambiri amene amaifalitsa ndi omenyawo. Chilungamo chake ndi ichi, mphamvu yochotsa mwana pamalo oopsa ilipodi, wapolisi, wa social welfare, mfumu ngakhale munthu wamba akaona kuti mwana ali pangozi atha kumutenga kukamuika pamalo otetezeka, koma lamulo limati mwanayo akaonekere kukhothi la ana pasanathe maola 48, si zongotenga mwana nkusowa naye. Ndipo malo otetezeka sikuti ndi kumalo osungirako ana amasiye okha, kutha kukhala kwa inuyo mayi ake aakulu, kwa agogo ake, kulikonse komwe kuli munthu wodalirika. Kumalo osungirako ana kumayenera kukhala kothera pamene kwina konse kwakanika. Mayi amene wanyamuka yekha kukanena kuti ine ndi ana anga tili pamoto, ameneyo akuonetsa kuti akuteteza ana ake. Chomwe chimadzavuta ndi pamene nkhani yabisidwa zaka ndi zaka mpaka mwana wavulala, pamenepo ndiye mafunso amayamba kugwera aliyense.

Ine maganizo anga pa nkhani zoterezi sasintha, wochoka kapena woletsedwa akhale womenyayo, ana asalipire mlandu womwe sanapalamule powachotsa kwa kholo lomwe silinawalakwire. Lamulo la Prevention of Domestic Violence Act la 2006 limapereka njira imeneyo, khothi litha kutulutsa chiletso choti womenyayo asamuyandikire kapena kumuopseza mayiyo ndi ana, ndipo lithanso kulamula kuti womenyayo atuluke m'nyumba otsalawo akhale. Koma poti mng'ono wanu ali pakati pa abale a mwamuna, pepala lokha silingamulondere usiku, mwina chanzeru ndi kuti iye ndi ana abwere kaye kwanu nkhani ikamayenda.

Muyambe chonchi. Apite ku Victim Support Unit, ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza yomwe ili pa polisi, ndipo mupite naye musamusiye yekha. Dzanja lija akalionetse kuchipatala alembe ripoti ngakhale kutupa kwaphwa, ngati pali zithunzi za pafoni kapena mamesiji oopseza musafufute, tumizani ku foni yanu. Poti muli ku Blantyre, pa chipatala cha Queen Elizabeth pali malo a Chikwanekwane pomwe achipatala, apolisi ndi a social welfare amapezeka pamodzi kuti munthu asamangozungulira maofesi, mwana wamkuluyo angapezenso uphungu. Za loya musaope, a Legal Aid Bureau alipo chifukwa cha anthu omwe sangakwanitse kulipira. Makadi a kusikelo, ziphaso zobadwira ndi malipoti a kusukulu a anawo azisunge pamodzi mwakachetechete. Ndipo chonde asalengeze tsiku lochoka, nthawi yomwe mayi akuchoka kapena wangochoka kumene ndi yomwe womenya amalusa kwambiri poona kuti ulamuliro ukumupulumuka.

Chomaliza, mwana uja musamuphunzitse zokanena. Akamufunsa anene zomwe anaona ndi mawu ake, ndipo musamuuze kuti sankha pakati pa amayi ndi abambo, kumumva maganizo ndi kwina kumusenzetsa chigamulo ndi kwina. Atha kunena kuti amawakondabe abambo ake, musakhumudwe nazo, ana amatero ndipo si kuti akunama za nkhanzazo.

Azakhali,
Ndine mphunzitsi wa sitandade 4. Muli mnyamata mkalasi mwanga amene anali wochangamuka koma teremu ino amangogona, akadzuka ndewu ndi anzake. Nditamufunsa pambali anandiuza kuti kunyumba sagona chifukwa bambo omupeza amamenya amayi ake usiku ndipo iye akaleretsa amamenyedwa nawo, anandionetsa zipsera kumsana kenako anandipempha kuti ndisauze munthu. Ndikanena ndimuika pamoto, ndikakhala chete mtima sukundipatsa mtendere. Nditani?
Mphunzitsi, Dedza

Aphunzitsi,
Zikomo kuti munamuitanira pambali m'malo momupatsa chibalo, ena akanangoti mwana wamwano. Chinsinsi ichi simungasunge, pali zipsera. Koma musachite mombisira, mumuuze mnyamatayo kuti zomwe wandiuza ndazikhulupirira, si iwe wolakwa, ndipo ndiyenera kuuza anthu omwe ntchito yawo ndi kuteteza ana, ndipo ndizikudziwitsa za aliyense amene ndamuuza. Akhumudwa mwina, komabe kuli bwino amve kwa inu kusiyana nkudzangoona anthu afika pakhomo.

Lembani zomwe ananena ndi tsiku lake m'mawu ake omwewo, osamufunsa mobwerezabwereza ngati wapolisi. Auzeni ahedi, kenako nkhani ipite ku ofesi ya social welfare ya boma lanu kapena kwa woteteza ana wa mdera lanu. Muthanso kuimba 116, nambala yaulere ya Tithandizane yomwe amayendetsa a YONECO, akulangizani poyambira. Chomwe musachite ndi kuitanitsa bamboyo kusukulu kapena kupatsa mwanayo kalata yopita nayo kunyumba, usiku wake adzalipira ndi iyeyo ndi amayi ake. Ngati pali njira yoonana ndi mayiyo payekha, mwina kudzera kwa amayi a mother group, yesani, muyankhule naye mosamuweruza chifukwa naye ndi wovulala. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2013 wa nkhanza zochitikira ana anapeza kuti anyamata awiri mwa atatu alionse anachitiridwapo nkhanza zomenyedwa ali ana, ndiye mkalasi mwanumo mwina si yekhayo, maso anu akhalebe otsegula.

Azakhali,
Ine ndine bambo ndipo sindibisa, ndinkamenya mkazi wanga. Anachoka chaka chatha ndi ana athu awiri, khothi linati ana azikhala ndi iye ndipo ine ndiziwaona Loweruka lokha kwa achimwene ake, iwo ali pompo. Mowa ndinasiya miyezi 7 yapitayo ndipo ndikupemphera. Koma mwana wanga wamkulu ndikafika amakabisala kuseri kwa nyumba, zimandiwawa kwambiri. Ndikuganiza kuti amayi ake akumuuza zoipa za ine. Kodi ndingakatenge ana anga azidzagona kwanga?
Bambo wolapa, Kasungu

Bambo,
Mwachita bwino kulemba ndipo mwachita bwino kunena poyera kuti munkamenya, ambiri amafa asanatulutse mawu amenewo. Miyezi 7 yopanda mowa si masewera, pitirizani.

Koma pali mawu amodzi mukalata yanu omwe ndikufuna muwachotse mumtima, oti amayi ake akumuuza zoipa. Mwanayo sanafunike womuuza, analipo, anaona ndi maso ake ndipo anamva kulira kwa amayi ake ndi makutu ake. Akamathawira kuseri akukumbukira. Inu mwasintha pa kalendala yanu, iye thupi lake silinadziwebe zimenezo, ndipo amene angalidziwitse ndi inu nomwe pobwera Loweruka lililonse pa nthawi yake, osanunkha mowa, osakweza mawu, osamufunsa kuti amayi ako akuyenda ndi ndani. Akabisala musamukoke, khalani pakhonde musewere ndi wamng'onoyo, nthawi ikakwana tsanzikani mokweza pang'ono kuti amve kuti mwapita mwamtendere. Tsiku lina adzasuzumira. Akadzayandikira mumupepese mwachindunji, kuti zomwe ndinkachita zinali zolakwika ndipo sunalakwe ndi iwe kapena amayi ako, osawonjezerapo kuti koma.

Dziwaninso kuti mowa sunali wokha. Alipo ambiri amamwa koma samenya, ndiye pezani mlangizi kapena munthu wamkulu wodziwa uphungu amene angakuthandizeni kuona chomwe chinkakupangitsani kuganiza kuti muli ndi ufulu wokweza dzanja, a social welfare kwanuko angakulozereni.

Zokatenga ana nokha musayerekeze, kumeneko ndi kuphwanya chigamulo cha khothi ndipo mutha kutaya ngakhale Loweruka lomwe muli naloli. Njira yake ndi kubwerera kukhothi lomwelo kukapempha kuti liunikenso, ndipo kumeneko adzafuna kuona ngati mwakhala mukupereka chithandizo cha ana mosadumphitsa, ngati mwasunga masiku anu, zomwe alamu anu aona, lipoti la a social welfare, komanso zomwe anawo anene. Likakhutira limatha kuwonjezera pang'onopang'ono, mwina kuyamba ndi kuwatenga masana nkuwabweza madzulo. Ine ndikanakhala inu ndikanadikira kaye mpaka tsiku lomwe wamkuluyo adzakulandireni yekha pachipata, ndipo pofika tsikulo malisiti a chithandizo muzisunga onse.

Azakhali