Foni yafika yokhoma, wogulitsa akuti dikirani: ndalama ibwerera kapena yapita?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a ku Katete, dzina sinditchula. Ndaifupikitsa pang'ono koma mfundo ndi iyi:

"Achimwene, ndinawina iPhone pa okushoni ya eBay nkulipira ndi khadi yanga ya Visa. Wogulitsa ali ku UK ndipo satumiza ku Zambia, ndiye ndinapereka adiresi ya kampani ina ya komweko imene imasonkhanitsa katundu wa anthu nkubweretsa ku Lusaka. Foni yandipeza patatha masabata atatu chifikireni pa adiresi ija, kuiyatsa ikufuna Apple ID ya munthu wina. Wogulitsa akuti ndisadandaule kwa a eBay, tikambirane pa WhatsApp, atumiza ina mwezi ukatha. Ndidikire kodi? Nanga chitetezo cha ogula chimene amanena chija chimatikhudza ife a kuno?"

Aphunzitsi, musadikire. Ngati mukuwerenga izi pa buleki, siyani kaye tiyi mutsegule dandaulo, zotsalazo muwerenga pambuyo.

Chifukwa chake ndi ichi. Chitetezo cha eBay, chimene amachitcha Money Back Guarantee, chimagwira pa zinthu ziwiri, katundu sanafike kapena wafika koma si uja analembedwa pogulitsa. Ndipo chili ndi masiku ake, 30 chabe. Vuto lathu ife ndi lakuti masikuwo sayamba tsiku limene mwaigwira foni m'manja ku Katete ayi, amayamba tsiku limene tracking, ija yolondolera pomwe phukusi lafika, inaonetsa kuti phukusi lafika pa adiresi imene munalemba pogula, kutanthauza ku kampani ija ya ku UK. Ndiye werengani nokha, masabata atatu ndi masiku 21 apita kale foni ili m'nyumba yosungira katundu, m'ndege, pa kasitomu, m'basi ya Great East Road, onjezani masiku amene mwakhala mukulemberana ndi munthuyu ndi amene imelo yanu yakhala kwa ine, mwatsala ndi ochepa kwambiri. Tsono akamati "mwezi ukatha ndituma ina" dziwani kuti nayenso kalendala ali nayo ndipo amaidziwa kuposa inu.

Izi ndikunena zinandionekera ine. Zaka zingapo zapitazo ndinkajambulako zithunzi pa maukwati ndi pa chilanga mulilo, ndiye ndinawina lenzi ya kamera pa webusaiti ina ya okushoni. Tsiku lolonjezedwa linakwana, zii. Ndinamulembera wogulitsa, kuyankha kwake kokoma ngati wa pachibale, ati pepani m'bale wanga amayi ali m'chipatala, ndipatseni sabata imodzi. Sabata inatha, ati positi inabweza phukusi adiresi inafufutika, ndatumizanso. Ine nkumamumvera chisoni, mpaka kumufunsa kuti amayi ali bwanji! Tsiku limene ndinazindikira ndinaima pa kalendala ya pakhoma, zija amapereka ogulitsa feteleza kumapeto kwa chaka, nkumawerenga ndi chala bokosi limodzi limodzi, ndinapeza kuti nthawi yodandaula inatha masiku anayi kumbuyo. Kumulemberanso, sanayankhenso mpaka lero. Akazi anga anangoti "amayi ake aja achira basi", nkupitiriza kusenda mbatata.

Ndiye chitani izi lero. Lowani mu akaunti yanu, pitani pa Purchases, pezani foniyo, dinani Return this item, pa chifukwa sankhani chonena kuti katundu sakugwirizana ndi zimene analemba kapena sakugwira ntchito. Musasankhe chakuti mwasintha maganizo, chimenecho ndi nkhani ina ndipo wogulitsa akhoza kukana. Ikani zithunzi za sikirini pomwe ikufunsa Apple ID, ndi nambala ya IMEI, ija yodziwira foni iliyonse payokha, imene ili pa bokosi kapena pa kathireyi ka SIM. Wogulitsa amapatsidwa masiku atatu ogwira ntchito kuti ayankhe, akapanda kukonza mumapempha a eBay kuti alowererepo. Ndipo chonde, dandaulolo musalitseke chifukwa choti walonjeza zinazake, mukalitseka nokha silitsegukanso. Atambwali amadziwa zimenezi, ndiye amati "tsekani kaye kuti ndalama zanga zimasuke ndikubwezereni". Fodya wako ndi amene ali pamphuno aphunzitsi, wa pachala ngwamphepo.

Za WhatsApp zija ikanini mwaulemu. Zonse muzilemberana mu mameseji a eBay momwemo chifukwa woweruza nkhani yanu akawerenga zimenezo, zimene mwalankhulana kunja sizimuonekera. Komanso m'mauthengawo mumupemphe chinthu chimodzi chophweka, achotse foniyo pa akaunti yake ya iCloud, imene ndi akaunti ya Apple ID ija yakhoma foniyo. Loko imeneyi a Apple anaiyambitsa mu 2013 ndi iOS 7 pofuna kuti foni yobedwa isagwire ntchito kwa wakuba, ndipo mwini wake weniweni akhoza kuichotsa ali komweko ku UK, kulowa pa iCloud nkufufuta foniyo pa mndandanda wa zipangizo zake, ntchito ya mphindi zochepa. Ngati anangoiwala achita lero lomwe ndipo nkhani yatha. Akayamba kuzungulira mudziwe kuti mwina foniyo si yake. Anyamata okonza mafoni m'tauni akuuzani kuti "timatsegula bwana", sungani ndalama yanu, komanso foni ikatsegulidwa mkati kapena kusinthidwa chilichonse mwadziphera nokha mlandu.

Musanalembe dandaulo bwererani kaye pa tsamba limene anagulitsirapo muwerenge mzere uliwonse. Pali ogulitsa ochenjera amene amaika zithunzi zokongola pamwamba, pansi penipeni nkulemba "iCloud locked" kapena kuika katunduyo m'gulu la "For parts or not working". Ngati analemba, sananame, ndipo a eBay adzati munagula chimene munauzidwa. Ena mpaka amagulitsa bokosi lokha, "box only", anthu nkumapikisana mitengo akuyesa muli foni.

Manje mbali yowawa, poti sindikufuna kukunamizani. Malamulo a chitetezochi amanena kuti katundu akatumizidwanso kwina pambuyo pofika pa adiresi yoyamba, monga kudzera kwa makampani otumiza katundu amene wogula wadzipezera yekha, chitetezo sichimukhudza. Maganizo awo ndi akuti pakati pa wogulitsa ndi inu padutsa manja ena, ndani akudziwa chinachitika m'njira. Ndiye nkutheka kuti akakukanirani. Ndimati tsegulanibe chifukwa loko ya iCloud si chinthu choti chinachitika m'ndege kapena m'basi, foni inachoka kwa wogulitsa ili choncho, komanso ogulitsa ambiri akaona dandaulo latsegulidwa amavomera okha kubweza poopa kuipitsa akaunti. Koma akavomera, ganizirani izi, iye amalipira zobwezera katundu kuchokera pa adiresi ija ya ku UK, osati ku Katete. Kuichotsa foni kuno kukafika uko ndi thumba lanu, ndipo itumizidwe ndi njira yokhala ndi tracking apo ayi adzati sinafike. Msonkho umene munalipira ku ZRA ndi ndalama ya kampani yonyamula ija, zimenezo sizinadutse mwa eBay ndiye sangakubwezereni. Nthawi zina wogulitsa amati ndikubwezerani gawo la ndalama foni mukhale nayo, pa foni yokhoma ine sindingavomere pokhapokha gawolo likhale lalikulu ndithu, chifukwa mwatsala ndi sikirini ndi batire zogulitsa kwa okonza mafoni basi.

A eBay akakana, pali khomo lachiwiri, ndipo apa mwachita bwino kulipira ndi khadi. Pitani ku banki yanu mukanene kuti mukufuna kutsutsa malipiro, amati chargeback. Banki imatengera nkhaniyo ku Visa nkufunsa mbali inayo kuti iyankhe. Tengani risiti ya malipiro, masikirinishoti a tsamba logulitsira, mauthenga onse ndi zithunzi za foni, ndipo ngati wa pa kauntala sakumvetsa funsani woona za makhadi. Nakonso kuli malire a masiku ndiye osagona. Koma tsatani ndondomeko, eBay poyamba banki pambuyo, chifukwa mukayamba ndi banki dandaulo la ku eBay amalitseka, simungayende njira ziwiri nthawi imodzi. Amene amalipira ndi PayPal ali ndi khomo lawo, pa katundu amene sanafike amapatsidwa mpaka masiku 180, bola asakhale kuti anatumiza ngati Friends and Family, imeneyo amaiona ngati mphatso kwa m'bale ndipo ilibe chitetezo chilichonse. Wogulitsa aliyense wokuuzani kuti tumizani choncho kuti tipewe ma chaji, kapena wotchula Western Union kapena ma gift card, musiyeni pomwepo.

Mwina mudzabwereranso pa okushoni, poti kunena zoona zinthu zabwino zotsika mtengo zimapezekadi, ine ndimagulabe. eBay ndi yakale, inayamba mu 1995 ndi Pierre Omidyar, ndipo chimodzi mwa zinthu zoyamba kugulidwa chinali laser pointer yothyoka pa $14.83, wogulayo ankadziwa kuti ndi yothyoka. Ogulitsa ambiri pamenepo ndi anthu abwinobwino. Choti muphunzire ndi kuwerenga munthu. Ija peresenti ya feedback, kutanthauza ndemanga zabwino, imene imaoneka pafupi ndi dzina imawerengedwa pa miyezi 12 yapitayi, ndiye 100% payokha sinena zambiri. Dinani muone ndemanga zimene analandira ngati wogulitsa osati ngati wogula, chifukwa kuyambira 2008 ogulitsa saloledwa kupereka ndemanga yoipa kwa ogula, aliyense wongogula amaoneka woyera. Onaninso ankagulitsa chiyani. Munthu amene zaka zonse wakhala akugulitsa mabatani ndi ulusi, mwadzidzidzi ali ndi ma iPhone khumi atsopano pa mtengo wa salaula, nthawi zambiri akaunti imeneyo yabedwa.

Palinso kukwezerana mtengo kwachinyengo. Pa eBay mumalemba ndalama yomaliza imene mungalipire, kompyuta nkumakubidirani pang'onopang'ono mpaka pamenepo. Tambwali amatenga akaunti yachiwiri kapena ya mnzake nkumabida pa katundu wake yemwe kuti akukankhireni m'mwamba, zija zimachitika pa msika wa ng'ombe mlamu wa mwini ng'ombe atayima pambali nkumati "ine ndiwonjezera" alibe ngakhale ngwee m'thumba. Ndi zoletsedwa koma zimachitika. Tsegulani mbiri ya mabidi, maina amabisidwa koma mumaona mmene aliyense wakhala akubidira pa katunduyo. Mukaona zokayikitsa, tulukani. Ine ndimasankhiratu mtengo wanga masana mutu uli bwino, kuphatikiza zonyamulira ndi msonkho, nkubida kamodzi chakumapeto. Okushoni zambiri za ku America zimatha ife kuno tili pakati pa usiku, ndipo munthu wa tulo amene wapsa mtima kuti wina wamupitirira ndi dola imodzi amalipira zopusa. Mukaluza nkulandira imelo yoti wowina wakana ndiye tengani inu, musayankhe pa imelopo, mwayi wachiwiri weniweni umaoneka mkati mwa akaunti yanu ya eBay.

Ndisanaiwale, ambiri amene amandilembera sanaberedwe ndi a ku UK ayi, anaberedwa konkuno, m'magulu a Facebook ndi WhatsApp momwe munthu amaika chithunzi cha laputopu nkuti wopereka zambiri pofika 18 koloko watenga, kenako "tumizani theka pa Airtel Money kapena MoMo ndiike pa basi ya m'mawa". Pamenepo palibe wa pakati wogwira ndalama. Mobile money ili ngati kupereka ndalama pamanja, akakatapa pa kabuthi yapita. Mukazindikira msanga imbani ku kampani ya foni nthawi yomweyo, kenako ku polisi ndi nambala ya transaction. Ngati wokuchitani chinyengo ndi shopu kapena bizinesi ya muno m'Zambia, kuli CCPC, bungwe loona za mpikisano ndi kuteteza ogula pansi pa lamulo la 2010, koma iwowa dzanja lawo silifika kwa munthu wa ku Manchester. Wogulitsa akakhala wa ku Lusaka, tumani m'bale akaone katundu ndi maso, aiyatse, ayimbe *#06# aone ngati IMEI ikufanana ndi ya pa bokosi, aikemo SIM yake, ndiye mulipire. Wa konkuno ku Chipata kumanani masana pamalo a anthu ambiri, kaya pafupi ndi Kapata kaya pa Down Shops, osati kuseri kwa nyumba madzulo.

Ulendo wina pa eBay yang'anani kaye ogulitsa amene amatumiza okha mpaka ku Zambia, ngakhale zonyamulira zikwere, chifukwa pamenepo adiresi ya pa oda ndi yanu ndipo masiku 30 aja amayamba katundu atafika kuno. Ngati mulibe kuchitira mwina koma kudzera ku kampani yonyamula, afunseni ngati angatsegule phukusi nkukujambulirani likangofika, foni aiyatse muone sikirini yoyamba isanakwere ndege, ena amachita pa kandalama kochepa.

Pa foni yanuyi, tsegulani dandaulo lero, mumupemphe achotse iCloud, ndipo lembani pa kalendala tsiku limene masiku atatu aja akuthera kuti muitane a eBay tsiku lotsatira. Mundilembere zimene ayankha, ndipo mutumize ndi sikirinishoti ya tsamba logulitsira lija ndione ngati mawu akuti locked sanabisale penapake pansi.