Kodi zofukula zakale zingakudyetseni?

Mtsikana wina wa ku Chelstone, amene wangomaliza Giredi 12, wanditumizira imelo. Akufuna kuphunzira zofukula zakale, makamaka za nthawi ya atsamunda, koma amalume ake akuti amenewo ndi maphunziro a njala. Akufunsa ngati ntchito ilipo.

Ilipo, koma musawaseke amalumewo. Olemba anthu otere ndi ochepa: National Heritage Conservation Commission (bungwe la boma loteteza zakale), nyumba zosungira zakale monga Livingstone Museum ndi Lusaka National Museum, ndiponso UNZA mukafika pophunzitsa. Mipata imatseguka mwa apo ndi apo. Kumene kumapezeka ganyu ndi kwa omanga misewu, madamu ndi migodi, chifukwa asanayambe kukumba pamafunika lipoti lonena ngati pamalopo pali manda kapena mabwinja. Musaipeputse ntchito imeneyi. Golide, mikanda ndi mitanda yamkuwa ya ku Ingombe Ilede, malo akale pafupi ndi mtsinje wa Zambezi, zinatulukira mu 1960 anthu akukumba pomanga thanki ya madzi.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti wofufuza za nthawi ya atsamunda amakhalitsa pampando kuposa m'dzenje. Musanagwire fosholo pa boma lakale, kaya ku Kalomo, ku Feira kapena ku Fort Jameson, kumene lero timati Chipata, muyamba mwawerenga ma District Notebooks, mabuku a maboma a atsamunda, ku National Archives konkuno ku Lusaka. Mabwanamkubwa analembamo za msonkho, mafumu ndi malire. Za wophika wawo, mesenjala ndi amtengatenga analemba pang'ono chabe. Anthu amenewo mumakawapeza kudzala, kuseri kwa nyumba: mapale a miphika yathu osakanikirana ndi mbale zosweka za ku Ulaya, mabotolo, mafupa a ndiwo zimene ankadya. Kwa ine kukoma kwa ntchitoyi kuli pamenepo.

Chinyanja chanu ndi chida. Agogo a m'mudzi amadziwa pamene panali msasa wa chibalo, ndipo sauza munthu wobwera ndi pepala la mafunso asanalonjere kwa amfumu.

Pophunzira mbiri ndi zofukula, onjezerani GIS, yomwe ndi njira yosanthula malo pa kompyuta, ndi luso lojambula mapu, poti a makampani amafuna zimenezo. Digiri yoyamba payokha siifikitsa patali, choncho ganizirani za masitazi msanga. Ndipo musakakumbe nokha pa tchuthi. Lamulo la 1989 limateteza zomangidwa chisanafike chaka cha 1924, ndipo kufukula kumafuna chilolezo cha Commission. Pitani kumyuziyamu mukapemphe kuthandiza kutsuka ndi kulemba manambala pa mapale, muone ngati mtima wanu ungapirire.