Tsamba ndi muzu zili ndi DNA imodzi, nanga zimasiyana bwanji?

Achimwene, mwafunsa kuti ngati maselo a chomera ali ndi DNA yofanana, zimatheka bwanji kuti kamtengo ka tiyi kodulidwa ndi tsamba limodzi, kakabzalidwa m'chubu ku nazale kuno ku Mulanje, katulutse mizu pomwe kachokera kumtunda kwa chitsamba. Mwafunsanso ngati munthu ali chimodzimodzi. Majini opangira mizu, omwe ndi zigawo za DNA zokhala ndi malangizo a ntchitoyo, analimo kale m'kamtengoko, kungoti anali otseka. Selo siigwiritsa ntchito majini onse amene ili nawo.

Tiyambe ndi DNA yeniyeniyo. Ndi zingwe ziwiri zopotana, ndipo chingwe chilichonse ndi mndandanda wa timagawo tamitundu inayi tomwe timalembedwa ndi zilembo A, T, G ndi C. A amagwirana ndi T, G amagwirana ndi C, basi. N'chifukwa chake selo ikamagawanika imangolekanitsa zingwezo, chilichonse n'kukhala poyambira kupangira chinzake. Kapangidwe kameneka anakafotokoza ndi James Watson ndi Francis Crick mu 1953, atathandizidwa ndi zithunzi za X-ray zochokera ku ntchito ya Rosalind Franklin. M'selo, DNA imakhala yomangidwa m'timitolo totchedwa makromozomu: tiyi ali ndi makromozomu 30, munthu ali ndi 46. Mwa munthu, zilembo zogwirana ziwiriziwirizi zilipo pafupifupi 3 biliyoni pa makromozomu 23 ochokera kwa kholo limodzi, koma majini opangira mapuloteni alipo cha m'ma 20,000 okha, ndipo malo amene amatenga safika 2 peresenti ya DNA yonse. Mbali ina ya yotsalayo ndi imene imalamulira kuti jini iti itseguke, liti, ndiponso m'selo iti.

Jini ikatseguka zimayenda motere. Puloteni yotchedwa RNA polymerase imakhala kumayambiriro kwa jiniyo, pamalo otchedwa promoter, n'kukopera zilembo zake kukhala kachingwe konyamula uthengawo kotchedwa mRNA. Pokoperapo, T amalowedwa m'malo ndi U. Kenako zidutswa zosafunika, ma intron, zimadulidwa, zotsala n'kulumikizidwa. mRNA imatuluka mu nyukiliyasi, chipinda cha m'selo chosungira DNA, kupita ku ribosome, makina opangira mapuloteni, omwe amawerenga zilembo zitatuzitatu. Magulu a zilembo zitatuwa alipo 64, ndipo amatchula ma amino acid 20, omwe ndi tizidutswa tomangira mapuloteni. AUG ndi poyambira, pamene UAA, UAG ndi UGA ndi poimira. Ma amino acid akalumikizana n'kupindika, ndiye puloteni imeneyo.

Tsopano potsekera, pomwe pagona funso lanu. DNA ya selo imodzi ya munthu itatambasulidwa ingatalike pafupifupi mamita 2, choncho imakulungidwa pa mapuloteni otchedwa ma histone ngati ulusi pa bobini ya telala: zilembo 147 pa kagulu ka ma histone 8. Pomwe yakulungidwa mothinana, polymerase siifikapo, ndipo jini imangokhala chete. Selo imathanso kumata kachidutswa kotchedwa methyl pa chilembo C pafupi ndi promoter, zomwe kawirikawiri zimatseka jiniyo popanda kusintha chilembo ngakhale chimodzi. Palinso mapuloteni otchedwa ma transcription factor, omwe amamata pa DNA, ena kuitana polymerase, ena kuiletsa. François Jacob ndi Jacques Monod anaonetsa mu 1961 kuti bakiteriya wa E. coli amatsegula majini ogayira shuga wa mumkaka pokhapokha shugayo akapezeka.

Pa kamtengo ka tiyi, choyambitsa ndi auxin, mankhwala amene chomera chimapanga chokha kunsonga ndi m'masamba anthete. Auxin amayenda molowera kumunsi, ndiye mukadula amaunjikana pabalapo. Akachuluka amachititsa kuti mapuloteni otchedwa Aux/IAA, omwe amakhala atatsekereza, aphwanyidwe. Akachoka amenewo, ma transcription factor otchedwa ARF amamasuka n'kutsegula majini oyambitsa mizu. Apa ndi pomwe zolakwika za ku nazale zimamveka. Tsamba lija likauma chifukwa chosowa mthunzi ndi chinyezi, kamtengo kamasowa chakudya mizu isanatuluke. Nthambi yokhwima kwambiri imachedwa kuyankha. Dothi likapanda asidi wokwanira, pabala pamangotupa chibulumwa koma mizu osatuluka bwino. Majini amakhala alipo onse. Chalephera ndi chowatsegula.

Ngakhale lamulo lothyola masamba awiri ndi nsonga likukhudzana ndi nkhaniyi. Jini yopangira caffeine, TCS1, imagwira ntchito kwambiri m'masamba anthete kusiyana ndi okhwima, ngakhale onse ali nayo. Ndipo mbewu zimene bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa la ku Mimosa, konkuno ku Mulanje, limasankha zimachulukitsidwa podula timitengo, osati ndi njere, chifukwa njere imasakaniza majini a makolo awiri pamene kamtengo kamatenga DNA ya chitsamba chimodzi momwe ilili. Mbewu imodzimodziyo ikamakula mosiyana ku Thyolo ndi ku Mulanje, musathamangire kunena kuti yasintha mtundu. Mvula, kutentha ndi dothi zimasintha majini amene akutseguka, osati zilembo zake.

Kwa munthu, chitsanzo chomveka bwino ndi matenda a sickle cell, chifukwa akuonetsa zonse ziwiri: chilembo chosintha ndi jini yotsekedwa. Mu jini ya HBB pa kromozomu 11, yomwe imapanga gawo la himogulobini (puloteni yonyamula okosijeni m'maselo ofiira a magazi), GAG amasanduka GTG, ndiye amino acid yachisanu ndi chimodzi imakhala valine m'malo mwa glutamic acid. Chilembo chimodzi chokha. Okosijeni akachepa, himogulobini yotereyi imamatirirana, maselo ofiira amapindika ngati chikwakwa n'kutseka timitsempha, ndipo ululu umayambira pamenepo. Komatu khanda lobadwa ndi vutoli nthawi zambiri silionetsa zizindikiro mpaka litayandikira miyezi 6. Chifukwa chake n'chakuti mwana ali m'mimba amagwiritsa ntchito himogulobini ina, HbF, yochokera ku majini ena omwe alibe vutolo. Akabadwa, puloteni yotchedwa BCL11A imathandiza kutseka majini a HbF pang'onopang'ono, HBB n'kutenga malo. Mankhwala a hydroxyurea amathandiza odwala pochulukitsanso HbF. Makolo onse awiri akakhala kuti aliyense anatengera jini yosinthayi kwa kholo lake limodzi lokha, pa mimba iliyonse mpata woti mwana adwale ndi umodzi pa 4, ndipo sizitengera kuti ana oyamba anabadwa bwanji. Kuyezetsa magazi ndi kumene kumaonetsa, osati maonekedwe a makolo.

Mawu akuti maselo onse ali ndi DNA yofanana muwatenge mosamala pang'ono. Maselo ofiira a magazi a munthu akakhwima alibe nyukiliyasi n'komwe, umuna ndi dzira zili ndi makromozomu 23 okha, ndipo maselo ena oteteza thupi amadula ndi kulumikizanso zidutswa za DNA yawo kuti apange asilikali amitundu yambiri. Kusiyana kwina ndi kwakuti maselo ambiri a chomera amatha kutsegulanso zomwe anatseka, pamene a munthu akakhazikika pa ntchito yawo sabwerera okha. N'chifukwa chake nthambi ya tiyi imamera mizu koma chala chodulidwa sichiphukanso. Mu 2006 Shinya Yamanaka anabweza maselo a mbewa kukhala ngati oyambirira powaikira ma transcription factor 4, koma zimenezo ndi za mu labotale.