Pitani achemwali, za alawansi zisiyeni

Mwafunsa ngati mupite ku maphunziro a CPR opanda alawansi aja. Pitani achemwali. Loweruka limodzi lokha, kaya kulibe alawansi, kaya kulibe ndi Fanta yemwe, pitani mukaphunzire CPR imeneyo, njira yothandizira munthu amene mtima wake waima pomukanikiza pachifuwa ndi kumuuzira mpweya. Ndikulemba manja akunjenjemera, mwandikumbutsa achimwene anga.

Tinali pa doko ku Makawa, ku Mangochi, m'mawa, nyengo ya mwera. Iwo amatsitsa zidebe za usipa m'boti, munthu wa zaka 46, wamphamvu zake, kungoti BP inkawavuta ndipo mankhwala ankamwa akakumbukira. Anangoti “mphwanga tandilandira”, chidebe pansi, iwo n'kugwa chafufumimba pamchenga. Titawatembenuza anali akukoka mpweya patalipatali ngati nkonono, kukamwa kuli yasa ngati chambo chongovuula kumene. Tonse tinati akupuma. Wina akuwakupiza ndi chitenje, wina wawathira madzi a m'nyanja kumutu, mayi wina wathamangira anyezi woti anunkhize, ine ndagwira miyendo ndikungoitana dzina lawo ngati chitsiru.

Panali mtsikana wina wodzagula usipa, akuti amaphunzira za unamwino. Anataya beseni lake, kugwada, kuwagwedeza mapewa, kuyang'ana chifuwa, basi n'kusanjikiza manja pakati pa chifuwa n'kuyamba kukanikiza mwamphamvu akuwerenga mokweza. Sanafike patali, nthiti inalira thoo. Malume athu anamugwira mkono n'kumukokera uko. Ati mwana wamkazi iwe ukukwera pachifuwa cha mwamuna wa mwini pagulu, ukufuna um'malize? Anthu n'kuvomereza, eee achoke ameneyo. Mtsikana uja akulira, akuti mtima waima bambo, ndisiyeni, mtima waima. Anayang'ana ine. Ine ndinaweramitsa mutu, poti malume alankhula. Mpaka lero ndikagona ndimaona maso ake aja.

Ndiye mwini pikapu amene tinamupeza kumsewu anati tiyambe taonetsa ya mafuta. Munthu ali gone kumbuyo, ife tikusonkherana ma K500 onunkha nsomba. Pofika ku boma anali atazizira kale. Tinaika tsiku lomwelo. Chondiwawa kwambiri n'chakuti pamaliro pomwepo malume aja amauza aliyense wobwera kudzapepesa kuti m'bale wathuyu akanadzuka, anam'thyola ndi mtsikana wa sukulu. Alipo, amadya nsima bwinobwino. Ndimawapatsa moni wa pakamwa basi.

Patapita miyezi ndinakakhala nawo pa maphunziro a Red Cross, ndipo ndinatuluka panja kawiri kukalira. Nkonono uja si kupuma ayi, umachitika mtima utaima kale. Ubongo ukakhala mphindi 4 mpaka 6 osalandira magazi umayamba kuonongeka, pamene ife pa anyezi pokha zinatha zoposa pamenepo. Munthu ngati sakuyankha komanso sakupuma bwino, m'gonekeni chagada pamalo olimba, osati pamatilesi. Manja pakati pa chifuwa, zigongono zowongoka, kanikizani chilowe masentimita 5 kapena 6, ka 100 mpaka 120 pa mphindi. Mukakanikiza ka 30 muuzireni mpweya m'kamwa kawiri, ngati mukuopa pakamwa pa munthu ingokanikizani osalekeza. Koma womira m'madzi, amene ndi ambiri kuno kuyambira ku Malombe mpaka ku Monkey Bay, mpweyawo ndiye wofunika, ndipo zija timachita zomupsinja pamimba kuti asanze madzi n'zongotaya nthawi. Nthiti kuthyoka zimachitika, imapola. Mumatopa msanga zedi, pa chidole chophunzirirapo ine mphindi ziwiri thukuta linali kamukamu, n'chifukwa chake mumayenera kulandizana.

Komabe ndikuuzeni zoona achemwali, mukaphunzira musamangodumphira aliyense wagwa pamsika. Kuno kwathu akhoza kukusandutsani mfiti kapena wakupha, mtsikana uja sanapondenso pa doko lija. Ngati si m'bale wanu yambani mwapeza wachibale mmodzi akhale mbali yanu, ngakhale ndikudziwa kuti mphindi zomwezo n'zimene zinatitengera achimwene. Komanso manja okha kawirikawiri sadzutsa mtima, amangoyendetsa magazi podikira makina ogwedeza mtima ndi magetsi aja, ndipo ine pa doko lililonse limene ndafikapo sindinawaonepo. Ndiye sungani nambala za anthu a galimoto awiri kapena atatu amtima wabwino, ndi kandalama ka mafuta pa Airtel Money kapena Mpamba kosakhudza. Wina azithamangira galimoto inu mukukanikiza, ndipo musasiye ngakhale m'pikapumo.

Mukafunseko ngati okonza maphunzirowo angalole anthu akunja. Ndili ndi anyamata anayi a pa boti la malemu amene ndikufuna abwere, transipoti ndilipira ndekha.