Galimoto yozimitsira moto ya mu Emergency! imasinthiranji pakati pa ulendo?

Mmodzi mwa owerenga anditumizira imelo. Akuti wakhala akuonera Emergency!, sewero lakale la pa TV la ku America, ndipo waona kuti galimoto yozimitsira moto imene yatuluka pa siteshoni nthawi zina siyofanana ndi imene yafika pangozi. Akufunsanso ngati chithandizo chimene John Gage ndi Roy DeSoto, ma paramedic a m'seweroli (ozimitsa moto ophunzira kuthandiza odwala asanafike ku chipatala), amapereka kwa ovulala chinali cholondola, kapena anali kungoseweretsa zipangizo pamaso pa kamera.

Maso anu sanakunamizeni. Koma mafunso awiriwa mayankho ake ndi osiyana kwambiri.

Seweroli linayamba kuonetsedwa pa NBC pa 15 Januwale 1972. Analikonza ndi Jack Webb ndi Robert Cinader, ndipo anagwirizana ndi ozimitsa moto enieni a dera la Los Angeles County. Siteshoni 51 imene mumaiona panja ndi Siteshoni 127 ya ku Carson, California, ndipo chipatala cha Rampart General ndi Harbor General, chimene lero chikutchedwa Harbor-UCLA Medical Center. Zam'kati, monga khitchini ya ozimitsa moto ndi zipinda za odwala, zinali zomanga pa situdiyo ya Universal. Ndiye kuti munthu akalowa pakhomo n'kuonekera m'kati, wadumpha makilomita ambiri m'kamphindi kamodzi.

Nkhani ya galimoto gwero lake ndi lomweli. M'zaka ziwiri zoyambirira Engine 51, galimoto yozimitsira moto ya Siteshoni 51, inali ya mtundu wa Crown Firecoach ya 1965 yopanda denga kutsogolo, koma sinali imodzi. Pojambula pa siteshoni ankagwiritsa ntchito ya Siteshoni 127, pojambula pa situdiyo ankabwereka ya Siteshoni 60 imene inkakhala pa Universal pomwepo, n'kuika nambala 51 pamwamba pa nambala yeniyeni. Anali magalimoto a ntchito, oti moto weniweni ukabuka ayenera kupita. Zikatero ankatenga Crown ina iliyonse yopezeka, ndipo mudzaizindikira poyang'ana nyali zake, sizifanana. Kuyambira chaka chachitatu kunabwera Ward LaFrance ya 1973 yokhala ndi denga, ndiyo inakhala Engine 51 mpaka kumapeto.

Onjezerani apa ndalama. Kutseka msewu, kubwereka galimoto ndi kulipira ojambula tsiku lonse n'kodula, choncho zithunzi za magalimoto akutuluka ndi kuthamanga ankazijambula kamodzi n'kumazibwereza m'zigawo zambiri. Wolumikiza zithunzi amafuna masekondi ochepa a galimoto ikukhota, satenga nthawi kuona ngati mthunzi wa dzuwa ukugwirizana. Mukafuna kuzigwira, yang'anani zinthu zitatu: mbali imene mthunzi wagwera, magalimoto oimikidwa m'mbali mwa msewu, ndi anthu amene akhala kutsogolo. Mudzaona ngodya imodzimodzi ya msewu ikudutsidwa popita ku ngozi zosiyana.

Cholakwika chimene chimandidabwitsa chili pa dzina la chigawo choyamba penipeni. Anachitcha The Wedsworth-Townsend Act, pomwe lamulo lenileni, limene Ronald Reagan anasainira mu 1970 ali bwanamkubwa wa California, ndi Wedworth-Townsend. Chilembo chimodzi chinalowerera, pa lamulo limene linalola ma paramedic kupereka mankhwala popanda dokotala kapena nesi pambali.

Pa zachipatala ndiye ndikupemphani musafulumire kuwaweruza. Randolph Mantooth ndi Kevin Tighe, amene anasewera Gage ndi DeSoto, anakhala nawo m'makalasi a ma paramedic ndi kuyenda nawo pa ntchito. Mike Stoker, woyendetsa Engine 51, anali wozimitsa moto weniweni, chimodzimodzinso Dick Hammer, kaputeni woyamba, ndipo Sam Lanier amene mawu ake amamveka pa wailesi akutumiza magalimoto ankagwiradi ntchito imeneyo kwa ozimitsa moto. Zambiri zimene anesi a lero amazitcha zolakwika zinali zolondola m'nthawi yake. Bokosi lofiirira lija, Biophone, linkatumizadi kagundidwe ka mtima ku chipatala kudzera pa wailesi, ndipo paramedic sankaika dripi Dr. Brackett, dokotala wa ku Rampart, asanalamule, chifukwa lamulo linali lotero. Dokotala akati "D5W TKO" amatanthauza madzi okhala ndi magalamu 5 a shuga pa mamililita 100, odontha pang'onopang'ono kuti mtsempha usatsekeke pamene mankhwala angafunike. Wotaya magazi ankamupatsa dripi yotchedwa Ringer's lactate, imene ikugwirabe ntchito mpaka lero. Sodium bicarbonate amene ankabaya pafupifupi aliyense woima mtima anasiyidwa ngati chizolowezi kafukufuku ataonetsa kuti si onse amene amathandizidwa nayo. Makina odzidzimutsa mtima ankawakweza kufika majulo 400 (julo ndi muyeso wa mphamvu ya magetsi), pomwe a masiku ano amayambira pa majulo 120 mpaka 200.

Chimene musatengere n'komwe ndi katsindiridwe ka pachifuwa. Osewera amapinda zigongono n'kumangogwedeza mapewa, chifukwa pansi pagona munthu wamoyo ndipo kutsindira kwenikweni kumatha kuthyola nthiti. Kwa munthu wamkulu woima mtima, manja amakhala pakati pa chifuwa, zigongono zowongoka, kutsindira masentimita 5 mpaka 6, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, ndi mpweya kawiri pakatha maulendo 30. Kalelo ankaphunzitsa liwiro locheperapo, ndiye wotsanzira seweroli alakwitsa pawiri. Utsi nawonso ndi wonamizira. M'nyumba yoyaka sungaone dzanja lako, koma kamera imafuna nkhope, choncho utsi umakhala wopyapyala ndipo zophimba kumaso zimavulidwa msanga.

Mukafuna kuyerekeza magalimotowo ndi maso, Squad 51, galimoto ya Gage ndi DeSoto, yomwe ndi Dodge ya 1972, pamodzi ndi Crown ndi Ward LaFrance, zonse zili ku Los Angeles County Fire Museum ku Bellflower. Ward LaFrance ija itamaliza za kanema inakazimitsa moto weniweni ku Yosemite kwa zaka zambiri isanabwezedwe.