Kodi kufunsa mayi zofuna zawo n'kuwaitanira imfa?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa konkuno ku Salima. Dzina ndisunga. Mayi awo ali ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo madokotala anena kuti yafalikira moti singachizikenso. Amalume awo akufuna munda ugulitsidwe kuti akayese kwina. Wondilemberayo akufuna ayambe afunsa mwini wake wodwalayo, koma abale akuti kumeneko n'kulosera maliro. Funso lawo n'lakuti: ndikawafunsa, kodi sindiwafooketsa n'kuwafupikitsira masiku?

Achemwali, afunseni. Ndikutero chifukwa ine sindinafunse.

Bambo anga anali msodzi ku Nkhotakota. Matenda atawakula tonse tinkadziwa kumene zikupita, iwonso ankadziwa, koma aliyense wolowa m'nyumba ankangoti "muchira, bambo". Paja amati ukatchula mkango kwera m'mwamba, ndiye palibe anafuna kuutchula. Tinagulitsa matumba a mpunga, kenako ukonde wawo, zonse kuthera ku mafuta a galimoto. Anamwalirira pa chipatala china kutali ndi kwathu, pa matilesi oyala pansi pakati pa mabedi awiri. Maliro atatha, mayi anandiuza zimene anawanong'oneza usiku wina: ankangofuna kugona pakhonde poonekera nyanja, ndi kadzanja ka kondowole ndi usipa. Anaopa kutiuza poona mmene tinkathamangira. Ife timati tikuwakonda, iwonso n'kumapirira ulendo uliwonse kuti asatikhumudwitse.

Mantha anuwo anthu anawafufuzapo. Mu 2008 ku America kunatuluka kafukufuku wa odwala khansa 332 amene anatsatiridwa mpaka kumwalira. Amene anakambirana ndi madokotala awo za masiku otsiriza sanapezeke ndi nkhawa kapena kukhumudwa koposa anzawo amene sanakambirane. Ku Melbourne, m'dziko la Australia, pa kafukufuku amene anatuluka mu 2010 anatenga okalamba 309 a zaka 80 kupita m'tsogolo, ena n'kuwathandiza kufotokoza zofuna zawo pamaso pa abale, ena ayi. Mwa amene anamwalira m'miyezi 6 yotsatira, zofuna za 86 pa 100 alionse a gulu loyambalo zinadziwika n'kutsatidwa, pamene gulu linalo anali 30 okha. Chimene chinandigwira mtima ine n'chakuti ofedwa a gulu loyambalo sanavutike maganizo kwambiri pambuyo pake. Ndikudziwa bwino katundu amene anapepukidwayo, ndausenza zaka zambiri.

Za kufupikitsa masiku, pa kafukufuku wa ku Boston, ku America, amene anatuluka chaka chomwecho anaona odwala khansa ya m'mapapo 151. Amene anayamba msanga kulandira chisamaliro chochepetsa ululu ndi nkhawa, pamodzi ndi mankhwala awo a khansa, anakhala moyo wabwinoko, ndiponso anakhalitsa pang'ono: pafupifupi miyezi 12, pamene enawo inali pafupifupi 9. Sindikukulonjezani miyezi itatu yoonjezera ayi, matenda ndi osiyana, malonso ndi osiyana. Kungoti kukamba sikunaphe munthu kumeneko.

Apa ndichenjeze. Kumaiko amenewo nkhani yaikulu imakhala ya makina opumira ndi mafomu osayina, ndipo akatswiri ena komweko anadandaula kale kuti pepala palokha silisintha zambiri. Ine ndikugwirizana nawo. Kwathu kuno pepala lingatani pamene mwinimbumba wanena kale kuti mawa tikukwera minibasi? Chofunika n'chakuti amalumewo amve ndi makutu awo kuchokera pakamwa pa mlongo wawo. Musawaone ngati mdani. Munthu wofuna kugulitsa munda chifukwa cha mlongo wake ndi munthu amene akuopa kudzanenedwa kuti anangokhala manja lende.

Kafunsidwe kake musakachititse msonkhano. Gulu likadzaza m'nyumba, wodwala amayankha zokondweretsa gululo. Dikirani pamene muli awiri, mwina mukuwadzoza mafuta kumapazi kapena mukuwapatsa phala, ndipo mawu oti imfa simufunika kuwatchula. Mungoti, "Amayi, chikukusowetsani mtendere kwambiri n'chiyani masiku ano?" Mukatero khalani chete, ngakhale chetecho chikuwaweni. Tsiku lina mudzafunse kuti zikavuta angakonde kukhala kuti, kunyumba kapena kuchipatala, ndiponso ndani aziwayankhulira mawu akadzatha. Mwina adzakamba za ululu wa usiku. Mwina za fungo limene likuwachititsa manyazi pamaso pa alendo, kapena mdzukulu amene fizi yake amalipira ndi iwo. Akatembenukira kukhoma osayankha, asiyeni, limenelonso ndi yankho la tsikulo.

Mwayi wanu ngwakuti muli ku Salima. Konkuno kuli malo a Ndi Moyo, amene anayambitsa ndi namwino Lucy Finch ndipo anatsegulidwa mu 2007, ntchito yawo ndi yomweyi yosamalira odwala matenda osachizika. Zipatala zambiri za boma nazonso zili ndi anamwino ophunzira za chisamaliro chimenechi. Kafunseni za mofini wakumwa, mankhwala oletsa ululu waukulu. Anthu amamuopa, amati ukamwa ndiye kuti kwatha, chonsecho akaperekedwa pa mlingo wake ndi pa nthawi yake amalola munthu kugona tulo, kudya, ngakhale kukhala pamkeka n'kumacheza ndi adzukulu. Munthu amene ululu ukumudya sangaganize za china chilichonse, ndiye mwina muyambire pomwepo musanafunse zinazo.

Nkhani ya munda muifulumizire akadali ndi mphamvu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda chuma cha womwalira ndi mlandu, koma wilo yolembedwa bwino, ya mboni ziwiri, imatseka pakamwa anthu mlandu usanayambe n'komwe.

Ndipo konzekani, chifukwa mayiwo akhoza kukuuzani kuti akufuna kukayesabe kwinako, munda upite. Zikatero musawakanize ndi ziwerengero zanga za ku Boston. Funsani dokotala pamaso pawo kuti ulendowo ungawathandize chiyani kwenikweni, amve okha, kenako akwere minibasiyo ngati afuna.